Mipeni Yosungidwa Pakhomo ndi Adani Ake

Pakati pa ana a anthu alipo ena amene mtima wawo sukhutira ndi mpeni umodzi wosendera mbatata ndi wina wotumbulira nkhuku, koma akangoona mpeni wosulidwa mwaluso, kaya wa ku Sheffield ku Mangalande, kaya wa ku Solingen ku Jeremani, kaya wa ku Thiers kumene Afalansa akhala akusula mipeni kwa zaka mazanamazana, kaya wa ku Sakai ndi ku Seki m'dziko la Japan, tulo sabwera kufikira ataugula. Ndipo zaka zikapitapo munthu wotereyu amapezeka ali ndi mipeni makumi atatu kapena zana lathunthu, yopinda ndi yosapinda, ya alenje ndi ya ophika, ina yosiyidwa ndi makolo, ina yogulidwa ndi ndalama zimene zikadakwanira ng'ombe. Ife sitimuweruza munthuyu, pakuti aliyense ali ndi chake chimene chimamukoka mtima, ndipo mpeni ndi chimodzi mwa zipangizo zoyambirira zimene dzanja la munthu lidagwira. Chimene tifuna kumuuza ndi ichi: mipeni yambiri ya mtengo wapatali siitha ndi ntchito ayi, imatha ndi kusungidwa.

Taonani mpeni wa mayi wa pakhomo. M'mawa udula anyezi, masana nyama, madzulo nkhwani. Tsiku lililonse utsukidwa, upukutidwa, nthawi zina upitako pamwala, ndipo ngakhale thupi lake limanka lichepa ndi kunoledwa, dzimbiri silipeza mpata wokhazikika pa iwo. Koma mpeni umene mwini adaukonda kwambiri kotero kuti sadafune kuudulira kanthu, nauika m'chimake, nautsekera pansi pa sutikesi, ndiwo umene pakutha pa madzinja awiri umatuluka uli mathothomathotho, chigwiriro chitang'aluka, mwini ali kakasi osadziwa wom'dandaulira.

Dzimbiri si matsenga. Kuti libadwe pafunika zinthu zitatu kukumana: chitsulo, mpweya ndi madzi, ndipo madziwo sayenera kuchita kuoneka ndi maso, pakuti chinyezi chimene chimayandama mumpweya chikwanira. Akatswiri amayeza chinyezichi ndi kachipangizo kotsika mtengo kotchedwa hygrometer, kamene kamawerenga kuyambira pa 0 kufikira pa 100, ndipo adapeza kuti muyeso ukapitirira 60 kapena 65, pankhope pa chitsulo pamayamba kukhala kachinyontho kosaoneka, dzimbiri n'kuyamba ntchito yake mofulumira. Mchere ndiye bwenzi lake la pamtima. N'chifukwa chake chala cha munthu, chimene nthawi zonse chimakhala ndi kathukuta ka mchere, chikakhudza chitsulo chopukutidwa bwino n'kuchisiya chomwecho, pakapita miyezi mudzapeza mizere ya chalacho italembedwa pachitsulo ndi dzimbiri, osafufutikanso. Mlendo amene mwamuonetsa mipeni yanu, iye n'kumaisisita posirira, wakusiyirani ntchito ngakhale sadziwa. Akangotsanzika, tengani kansalu.

Kuti tione mphamvu ya kuuma, tikumbuke Farao Tutankhamun wa ku Ejipito. Howard Carter atapeza manda ake mu 1922, ndi kumasula nsalu za mtembo mu 1925, adapeza pantchafu ya mfumuyo mpeni wachitsulo wa chigwiriro chagolide, umene udagona mumdima zaka zoposa 3,000 koma dzimbiri losaudya. Mu 2016 ofufuza adatsimikiza kuti chitsulo chake chidachokera ku mwala wogwa kuthambo, ndi kuti muli nickel wochuluka, pafupifupi magawo 11 pa 100 aliwonse, amene amachedwetsa dzimbiri; komabe sitikayika kuti mpeni womwewo ukadaikidwa m'nyumba yodontha, m'dziko la mvula, Carter akadapeza golide yekha.

Wina adzati, nanga si masiku ano kuli chitsulo chosachita dzimbiri? Indedi chilipo, ndipo mbiri yake idayamba ku Sheffield mu 1913, pamene Harry Brearley, pofunafuna chitsulo chopangira mipope ya mfuti chimene sichikadaperepeseka msanga, adasakaniza chromium wokwana pafupifupi magawo 13 pa 100 m'chitsulo, napeza kuti asidi sachidya monga adyera zitsulo zina. Chromium ameneyu akakumana ndi mpweya amapanga kachikuto kopyapyala kosaoneka, kamene kamatchinga chitsulo cha pansi, ndipo kakakandika kamadzilukanso kokha malinga mpweya ukufikapo. Komatu apa pali msampha: mchere umaboola kachikutoka, ndipo pamalo potsekeka, pamene pali chinyontho koma mpweya sufika, sikathanso kudziluka, kotero mpeni wotere nawonso umachita timaenje takuda ukasiyidwa wonyowa m'thumba. Ndiponso mipeni yambiri imene osonkhanitsa amailakalaka si ya chitsulo chimenechi. Pafupifupi yonse yosulidwa 1913 isanafike ndi ya chitsulo cha kaboni. Yochuluka ya ophika a ku Japan ndi yoteronso, pakuti chitsulo cha kaboni chimanoleka msanga ndi kuthwa koopsa. Ngakhalenso okapi, mpeni wopinda uja wa mphete kumsana umene amuna obwera ku Joni ankaudziwa bwino, umene udayamba kupangidwa ku Solingen mu 1902 ntchito yake isanasamukire ku South Africa mu 1988, mwachizolowezi ndi wa chitsulo cha kaboni, ndipo amene ali ndi okapi wa agogo ake m'dirowa ali ndi nkhawa yomweyi imene ali nayo mwini lupanga la ku Japan.

Cholakwa chachikulu, chimene amagweramo pafupifupi onse oyamba kumene, ndicho kusunga mpeni m'chimake cha chikopa. Kumaso zimaoneka zoyenera, pakuti chimakecho adachisokera mpeni womwewo, ndipo nthawi zina n'chokongola kuposa mpeniwo. Koma akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chikopa chimamwa chinyezi cha mumpweya ndi kuchisunga chitakhudzana ndi chitsulo usana ndi usiku. Ndiponso pofufuta zikopa amagwiritsa ntchito makungwa okhala ndi asidi kapena mankhwala a mchere, ndipo zotsalira zake sizichoka m'chikopamo. Chitsulo chimachita dzimbiri, ndipo ngati mpeni uli ndi mkuwa pakhosi kapena timisomali ta mkuwa pachigwiriro, pamamera utoto wobiriwira wonata. Chimake ndi cha paulendo ndi cha kutchire. Mpeni ukafika kunyumba kudzapumula, uvulidwe, ndipo chimakecho chisungidwe pachokha, chitalembedwa kapepala kosonyeza mwini wake.

Anthu a ku Japan, amene asunga malupanga a makolo awo kwa zaka mazana asanu ndi kupitirira ali onyezimira ngati osulidwa dzulo, m'dziko limene chilimwe chake ndi cha chinyezi choopsa, adaizindikira nkhani imeneyi kalekale. Lupanga likakhala kuti silipita kunkhondo kapena kubwalo la mfumu, amalichotsa m'zovala zake zokometsera zija, zopakidwa utoto wong'anima, n'kuliika mu shirasaya, chimake cha mtengo wa honoki chosapakidwa kanthu, chimene mbali zake ziwiri amazimata ndi phala la mpunga lokha, kuti tsiku lina litsiro likalowa athe kuzilekanitsa ndi kuyeretsa m'kati. Chitsulo amachipaka mafuta a choji, ochepa kwambiri, ndipo pakapita miyezi ingapo amapukuta akalewo ndi pepala lofewa n'kupaka atsopano. Lupangalo amaligoneka chopingasa, mbali yakuthwa itapenya kumwamba kuti isatsamire mtengo. Ndipo pali mwambo wina umene mlendo angauyese ulemu chabe, wakuti munthu salankhula nkhope itaweramira lupanga lovula. Koma pansi pa ulemuwo pali nzeru, pakuti kadontho ka malovu kosaoneka n'kokwanira kubala banga.

Tsono tafika pamene pagona vuto lenileni, limene ambiri olangiza amalidumpha. Mpeni si chitsulo chokha. Ndi zinthu zingapo zolumikizidwa, ndipo chilichonse chili ndi khumbo lake losiyana ndi la chinzake. Chitsulo chikadakhala ndi pakamwa chikadapempha mpweya wouma gwa. Koma mtengo wa chigwiriro, nyanga, fupa ndi mnyanga wa njovu, zonsezi zidali zamoyo, ndipo zikauma kwambiri zimafota, kung'aluka ndi kutayana ndi chitsulo chimene zidamangidwapo, pamene zikanyowa zimatupa. Amene ali ndi Opinel, mpeni wa ku Savoie m'dziko la France umene Joseph Opinel adayamba kupanga mu 1890, amadziwa kuti chigwiriro chake cha mtengo chikamwa chinyezi chimafinya chitsulo kotero kuti mpeni umakana kutseguka, mpaka mwini agogode kumapeto kwa chigwiriro pathebulo. Kotero wosunga mipeni ali ngati nkhoswe ya mbali zonse ziwiri, ndipo muyeso umene nyumba zosungiramo zakale zimaulandira pa zinthu zosakanikirana zotere uli pakati pa 40 ndi 50. Koma choposa nambala ndi kukhazikika: chimene chimang'amba nyanga si chinyezi chokha kapena kuuma kokha, koma kusinthasintha, lero kutupa mawa kufota.

Pa ichi tili ndi mboni yakale. Mumzinda wa Nara ku Japan, pakachisi wa Tōdai-ji, pali nyumba yamitengo yotchedwa Shōsōin, mmene mu 756 Mfumukazi Kōmyō adapereka chuma cha mwamuna wake, Mfumu Shōmu, atamwalira. Ndipo pakati pa nsalu, zoyimbira ndi magalasi a m'menemo palinso timipeni ting'onoting'ono ta zigwiriro zokongoletsedwa, timene tafika m'masiku athu ano tili bwino. Nyumbayo idamangidwa pamwamba pa mizati, monga nkhokwe imakhalira pamwamba pa miyala kuti chinyontho cha m'nthaka chisafike kuchimanga, ndipo chumacho chinkakhala m'mabokosi a matabwa otsekeka bwino. Ofufuza atayeza adapeza kuti ngakhale kunja chinyezi chikwere ndi kutsika ndi nyengo, m'kati mwa mabokosiwo chimasintha pang'ono pokha, pakuti thabwa limamwa chikachuluka ndi kubweza chikachepa. Masiku ano chumacho chidasamutsidwira m'nyumba za konkire, koma mwambo wotsegula kamodzi pachaka, kuyang'ana chinthu chimodzichimodzi, ukadalipo.

Phunziro lake n'losavuta kulitsata ngakhale m'nyumba ya lendi. Bokosi la mipeni lisakhale pansi pa simenti, lisatsamire khoma lakunja limene mvula imawomba, lisakhale kubafa, pafupi ndi moto wophikira, pawindo pofika dzuwa, kapena kudenga pansi pa malata kumene masana kumatentha usiku n'kuzizira, pakuti chitsulo chozizira chikakumana ndi mpweya wofunda chimachita thukuta. Kabati ya m'chipinda chogona, pashelefu yam'mwamba, ndi malo abwino koposa ambiri. Kwathu kuno nyengo yoopsa ndi dzinja, kuyambira Novembala kufikira Epulo, ndipo okhala ku Thyolo ndi ku Mulanje awonjezerepo masiku a chiperoni. M'bokosimo muikidwe timapaketi ta silica gel, timene timabwera m'makatoni a nsapato ndi a mankhwala; koma dziwani kuti tikakhuta sitimwanso, ndipo tiyenera kuumitsidwa mu uvuni wa moto wochepa, pafupifupi madigiri 120, tisanabwezedwe. Ambiri amaika kapaketi kamodzi n'kukhulupirira kuti atetezedwa moyo wonse. Amene akuganiza zogula bokosi lachitsulo losapsa ndi moto achenjerenso, pakuti zipupa za mabokosi ambiri otere zimakhala ndi zinthu zosunga madzi, amene ndiwo amalimbana ndi moto, ndipo m'kati mwake mumakhala chinyezi.

Ngakhale bokosi lenilenilo lingathe kukhala mdani. Mtengo wa oak, umene azungu amaukonda pa mipando, umatulutsa mpweya wa asidi wonga wa viniga. Matabwa omatidwa ndi guluu ndi penti watsopano amatulutsanso zawo. Nsalu ya ubweya wa nkhosa imatulutsa sulufule amene amadetsa siliva ndi mkuwa. Nyuzipepala ili ndi asidi ndipo imamwa chinyontho. Ku British Museum ku London nkhaniyi adaitenga mozama kotero kuti mu 1973 Andrew Oddy adakonza njira yoyesera chinthu chilichonse chisanaloledwe kukhala pafupi ndi chuma chawo: amachitsekera m'botolo pamodzi ndi tizidutswa ta siliva, kopa ndi mtovu, ndi madzi pang'ono, pa kutentha kwa madigiri 60 kwa masiku 28, kenaka n'kuona ngati tizitsuloto tadetsedwa. Ife pakhomo sitingachite zonsezo, koma mphuno tili nazo: bokosi lonunkha guluu, penti kapena kuwawasa lisalandire mpeni. Nsalu ya thonje yochapidwa bwino, yopanda utoto, ndi yokwanira kuyala pansi ndi kulekanitsa mipeni, kuti isagundane n'kubunthitsana kapena kukandana.

Pali mtundu umodzi wa mpeni umene uyenera kupatulidwa pa inzake monga ankapatulira wakhate kunja kwa mudzi. Kuyambira cha m'ma 1870, pamene John Wesley Hyatt wa ku America adayamba kupanga celluloid, opanga mipeni yopinda adakonda kuika zigwiriro za pulasitiki yoyambirirayi, popeza inkatha kufanizidwa ndi mnyanga, chigoba cha kamba wam'nyanja kapena ngale. Koma celluloid akakalamba amawola, ndipo powolapo amatulutsa mpweya wa asidi waukali umene umadya chitsulo cha mpeni womwewo ndi cha yonse yoyandikana nawo m'dirowa lotsekedwa. Zizindikiro zake ndi izi: chigwiriro kufota, kuchita ming'alu yaing'ono kapena kusintha mtundu, fungo lowawasa, ndi dzimbiri loyambira kumsana kwa chitsulo, kumene kumaonekera mpeni ukapindidwa. Mankhwala ake palibe. Mpeni wotere ukhale pawokha, pamalo popita mphepo, kapena mmisiri achotse zigwirirozo n'kuika zina. Zigwiriro za nyanga nazo zili ndi wozidya wake, mphutsi za tizikumbu tina todya ubweya ndi nthenga, ndipo mukaona timaenje ndi kafumbi pansi pa mpeni, dziwani kuti mwalandira alendo.

Kunena za mafuta, ochepa ndiwo abwino. Mpeni utsukidwe, uumitsidwe kotheratu, makamaka polumikizira pa wopinda pamene madzi amabisala, kenaka upakidwe ndi kansalu kodonthezedwa madontho awiri kapena atatu, kotero kuti chitsulo chingong'anima koma chala chisanyowe. Mafuta ophikira, kaya a mtedza kaya a mpendadzuwa, asayandikire mpeni wosungidwa, pakuti amasasa ndi kusanduka ulimbo umene umagwira fumbi ndi kumanga polumikizira. Pa mipeni yosakhudza chakudya, mafuta a makina osokera ndi abwino. Pa ya kukhitchini, ophika a ku Japan amakonda mafuta a mbewu za camellia, koma mafuta oyera ogulitsidwa ku famase pa dzina lakuti liquid paraffin amagwira ntchito yomweyo, ndipo owerenga asawasokoneze ndi palafini wa m'nyali. Kwa mpeni umene udzakhala zaka osagwiritsidwa ntchito, phula limaposa mafuta, chifukwa silitsetsereka ndipo siligwira fumbi. Lodziwika kwambiri ndi Renaissance Wax, lochokera ku mafuta a pansi pa nthaka, limene lidakonzedwa m'nyumba yofufuzira ya British Museum m'zaka za m'ma 1950, ataona kuti phula la njuchi limatha kukhala ndi asidi.

Pamenepa tichenjezeko za changu chopitirira, chimene m'kuona kwathu chawononga mipeni yakale yochuluka pafupifupi ngati dzimbiri lomwe. Munthu akalandira mpeni wa agogo ake uli wakuda bii, dzanja limamuyabwa kuti autenge ndi sandipepa kapena aupititse pamakina onolera kufikira uwale. Ndipo pakutha pa ola limodzi wafufuta chizindikiro cha wosula, wasintha maonekedwe a chitsulo, ndi kuchotsa mtengo wake wonse pamaso pa odziwa. Tisiyanitse ziwiri. Kuda kosalala, kotuwa kapena kobiriwirako, kumene chitsulo cha kaboni chimavala ndi zaka, sikudya chitsulo, ndipo kumachitchinjirizako, kusiyidwe. Dzimbiri lofiira, lofumbutuka, lotukuka, ndilo lamoyo, ndipo limenelo lifewetsedwe ndi mafuta kwa masiku angapo, kenaka lipalidwe modekha ndi kamtengo kapena kachidutswa ka mkuwa, zimene n'zofewa kuposa chitsulo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mpeni umene mukuukayikira kuti ungakhale wakale kwambiri kapena wa mtengo waukulu, upakeni mafuta n'kuusiya kufikira wodziwa atauona.

Za ana sitichulukitsa mawu, pakuti pepani sapoletsa chilonda. Kubisa sikukwanira, chifukwa palibe pobisika m'nyumba pamene mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri sadapafikepo. Pafunika loko, ndipo kiyi asakhale pamwamba pa kabati yomweyo. Kabati yagalasi pabalaza imakondweretsa maso, koma imalengezanso kwa aliyense wolowa chimene muli nacho. Momwemonso kujambula mipeni yanu yonse ndi kuimwaza pa Facebook, nyumba ikuonekera kumbuyo, n'kuitana amene simudawafune. Ndipo mbala ikalowa m'nyumba ya mipeni yosatsekeredwa siipeza chuma chokha, imapezanso chida.

Malamulo nawo ali ndi mbali yawo, ndipo amasiyana dziko ndi dziko. Abale athu okhala ku Britain adziwe kuti, mwa malamulo a kumeneko, mpeni umene munthu angayende nawo pagulu popanda chifukwa chomveka ndi wopinda wokha, wa chitsulo chosapitirira mainchesi atatu, ndiponso wopanda loko. Kotero okapi wa mphete uja, amene ali ndi loko kumsana, akhale kunyumba. Chigwiriro cha mnyanga wa njovu ndi nkhani yolemera koposa: mu 1989 maiko a m'pangano la CITES adagwirizana zoletsa malonda a minyanga pakati pa maiko, ndipo ku Malawi lamulo loteteza nyama zakutchire, monga lidakhwimitsidwira mu 2017, limapereka zilango zofika zaka 30 m'ndende pa milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri. Amene walandira mpeni wotere mwa cholowa asaugulitse kapena kuwoloka nawo malire asanafunse a nthambi yoona za nyama zakutchire.

Pa zifukwa zonsezi, wosunga mipeni akhale ndi kaundula. Mpeni uliwonse ukhale ndi tsamba lake: dzina la wosula kapena kampani monga lalembedwera pakhosi pa chitsulo, kutalika kwake, mtundu wa chitsulo ndi wa chigwiriro, kumene udachokera, chaka ndi mtengo wake, chithunzi cha mbali zonse ziwiri, ndi tsiku limene udapakidwa mafuta komaliza. Risiti ndi makalata a wogulitsa zimatidwe pomwepo. Apolisi akafunsa pambuyo pa kuba, kapena a inshuwalansi pambuyo pa moto, kapena ana akamagawana katundu osadziwa kuti uti ndi wa pamsika, uti ndi wosulidwa ku Sakai, bukuli ndilo lidzayankha. Ndipo chifukwa cha moto ndi mbala zomwezo, likhale m'chipinda china, kutali ndi bokosi la mipeni, ndipo zithunzi zake zisungidwenso kwa mbale wokhulupirika.